Msilikali akafera kunkhondo: momwe banja lingapiririre chisoni

Imfa ya kunkhondo imabwera mwadzidzidzi. Abale sapeza mpata wodwazika kapena kutsanzikana, amangolandira uthenga. Nthawi zina bokosi limafika lotsekedwa, nthawi zina thupi silibwera n'komwe. Mwambo wa ulemu ukatha, banja limatsala ndi mafunso: anafa bwanji, anamva ululu, analipo womuthandiza?

Masabata oyambirira, kusowa tulo, kusafuna kudya, kulota malemuyo, kukwiyira boma kapena adani, zonsezi si matenda. Ena salira n'komwe, ndipo sikuti sankamukonda.

Chowawa koposa ndi pamene msilikali wangosowa, osadziwika ngati ali moyo. Banja limalephera kulira maliro, limalepheranso kuleka kudikira. Pangano la mu 1977 lowonjezera pa malamulo a nkhondo a ku Geneva limati mabanja ali ndi ufulu wodziwa zomwe zachitikira abale awo. Bungwe la Red Cross limathandiza kufufuza anthu osowa pankhondo. Funsani kumeneko komanso kwa akuluakulu a asilikali. Mphekesera ndi zithunzi za pa intaneti zimangowonjezera mabala.

Ana auzeni zoona, m'mawu osavuta: "Bambo amwalira, sabweranso." Musati "agona" kapena "ali paulendo", chifukwa mwana amayamba kuopa tulo kapena kudikira pakhomo. Mwana wosafika zaka 5 samvetsa kuti imfa sibwerera, choncho adzafunsanso mawa. Muyankheni modekha. Ndipo mnyamata wamng'ono musamusenzetse udindo pomuuza kuti tsopano ndiye bambo wa pakhomo.

Chisoni chimatha kusanduka matenda. Kuyambira 2022, mndandanda wa matenda wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO umazindikira chisoni chokhalitsa: papita miyezi yoposa 6, koma munthu akulakalakabe malemuyo usana ndi usiku, sakuvomereza imfayo, ntchito ndi kusamalira ana zaima. Izi zimachizika, makamaka pokambirana ndi mlangizi wa za maganizo. Pitani kuchipatala mukaona zimenezi, kapena ngati wofedwayo wayamba kudalira mowa kuti agone. Akanena zodzipha kapena zoti akufuna kutsatira malemuyo, musamusiye yekha, mupite naye tsiku lomwelo.

Inu othandiza, mawu akuti "anafera dziko, limbani mtima" ndi abwino pamwambo, koma kwa mayi wamasiye amamveka ngati kumuletsa kulira. Khalani naye, mumvetsere ngakhale akubwereza nkhani yomweyo. Muthandizeni kutsatira zikalata za imfa ndi za chipukuta misozi, poti ntchito imeneyi imatopetsa munthu amene mutu sukugwira. Mudzamuyenderenso pa tsiku lokumbukira asilikali ndi pa tsiku lomwe uthenga unafika, chifukwa pamasiku amenewa chisoni chimadzukanso ndipo opepesa amakhala atasiya kubwera.