Mmene mawu oti chitukuko adasinthira tanthauzo

Kumudzi mfumu ikalengeza kuti mawa kuli chitukuko, palibe amene amayembekeza galimoto la boma. Aliyense amadziwa kuti alawirira ndi khasu, chikombole kapena ndowa, kukaumba njerwa za sukulu, kututa mchenga kapena kulambula msewu. Koma phungu akanena mawu omwewa pansanja, amatanthauza mjigo kapena mlatho womwe iye "wabweretsa". Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake.

Tsinde lake ndi kutukula, kunyamula chinthu kuti chikwere. M'nthawi ya Kamuzu Banda chitukuko chinkayezedwa ndi zinthu zitatu zomwe ankakonda kutchula: chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Zikuluzikulu, monga kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, zinali za boma. Zotsalazo zinali za manja a anthu, makamaka pa sabata ya achinyamata, ndipo kujomba kunali kuputa mlandu, poti a payoniya ndi achipani sankamva zifukwa.

Apa ndi pomwe padagona vuto. Anthu ankakumbukirabe thangata, mawu ena omwe adaonongeka. Poyamba ankatanthauza kuthandizana kumunda, koma m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu adasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, yomwe idali m'gulu la madandaulo a John Chilembwe mu 1915.

Ndiye itachitika riferendamu ya pa 14 Juni 1993, nyali ya zipani zambiri itagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi, chipani cha UDF chidadzaza misonkhano ndi mfuu yoti "Zinthu zatani? Zasintha!" Kwa ambiri kusinthako kudatanthauzanso kuti ntchito yaulere yatha. Mafumu poitana anthu kuchitukuko adayamba kuyankhidwa kuti imeneyo ndi thangata. MASAF, thumba la boma lothandizira chitukuko cha m'madera, itabwera ndi ntchito zamisewu zolipidwa, funso loyamba lidakhala loti kuli ndalama zingati. Sindingawadzudzule kwambiri anthuwo; adagwira ntchito ndi mantha zaka 30.

Kenako mu 2006 kudabwera thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, ndipo mawuwa adakhazikika m'kamwa mwa andale. Lero makhansala ndi aphungu amakanganirana kuti woyendetsa thumbali ndani, pomwe makomiti a chitukuko a m'midzi, omwe amayenera kutchula zosowa za dera, nthawi zambiri amangouzidwa zomwe zagamulidwa kale.