Mabowo a mu tchizi cha Emmental si chizindikiro chakuti chawonongeka

Anthu ambiri akaona mabowo mu tchizi cha Emmental amaganiza kuti chavunda kapena kuti mbewa zinadyako, ndipo ena amafika pochitaya. Maganizo amenewa ndi olakwika, chifukwa mabowowo amabwera pamene tchizicho chikukhwima bwino lomwe.

Tchizi chimenechi chinachokera m'chigwa cha mtsinje wa Emme, m'dera la Bern ku Switzerland, ndipo amachipanga ndi mkaka wa ng'ombe zodya msipu ndi udzu wouma. Akachiumba, amachisunga kwa milungu ingapo m'chipinda chofundirako, momwe mabakiteriya otchedwa Propionibacterium freudenreichii amatulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndipo mpweyawo ukasowa potulukira umatukumula mabowo m'kati. Mu 2015, akatswiri a Agroscope, bungwe lofufuza za ulimi ku Switzerland, anafotokoza kuti tizidutswa ting'onoting'ono ta udzu wouma togwera mu mkaka pokama ndito timapatsa mpweyawo poyambira bowo, n'chifukwa chake mabowo anayamba kuchepa pamene makina otsekeka okamira mkaka anafala.

Chimene chimawonongadi tchizichi, ndipo chimandidandaulitsa, ndi kasungidwe. Mukachimata m'pulasitiki kwa nthawi yaitali chimachita thukuta n'kusintha fungo, choncho ndi bwino kuchikulunga m'pepala lopaka phula n'kuchiika m'firiji, m'gawo la m'munsi. Chikachita chuku pamwamba, dulani malowo mozama masentimita 2 kapena 3, ndipo chotsalacho mukhoza kudya kapena kusungunula pa mbatatesi.