Mtsinje ukadwala, amauchiritsa ndani?

Usiku wa pa 1 November 1986, nyumba yosungiramo mankhwala ya kampani ya Sandoz inapsa pafupi ndi mzinda wa Basel ku Switzerland. Motowo unazimitsidwa, koma madzi ozimitsirawo anatsetserekera mumtsinje wa Rhine atanyamula matani ambiri a mankhwala ophera tizilombo. Mtsinje unafiira. Nsomba zinafa pa mtunda wa makilomita mazanamazana, ndipo mizinda ina ya ku Germany ndi Netherlands inayamba yasiya kupopa madzi akumwa.

Bungwe loteteza mtsinjewu linalipo kale. Mayiko a Switzerland, France, Germany, Luxembourg ndi Netherlands analikhazikitsa mu 1950, koma ntchito inkayenda mwa pendapenda. Ngoziyi itachitika, mu 1987 anagwirizana zinthu zoti aliyense angathe kuwafunsa nazo: mankhwala oopsa otayidwa mumtsinje achepe ndi theka pofika 1995, ndipo nsomba za salmon, zomwe zimaswera m'mitsinje n'kukakulira kunyanja ndipo zinali zitasowa kuyambira m'ma 1950, zibwerere pofika 2000. Nsombazo zinayamba kuonekanso m'ma 1990, ngakhale kuti mpaka lero zimadalirabe anthu kuthiramo tiana.

Ine monga woyeza madzi ndimaona kuti mgwirizano umayamba kugwira ntchito pamene onse avomera kuyeza chinthu chimodzi, mwa njira imodzi, n'kumaonetsana zotsatira. Popanda zimenezi, wakumunsi amaloza chala wakumtunda, wakumtunda n'kumati madzi anachoka kwake ali oyera, msonkhano n'kutha.

Nanga timayeza chiyani? Choyamba ndi mpweya wa okosijeni. Madzi abwino otentha madigiri 20 amasunga pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita. Mpweyawu ukatsika kufika pa 5, nsomba zambiri zimayamba kuvutika. Ukafika pa 2 zimathawa kapena kufa. Amaumaliza ndi mabakiteriya amene amadya zonyansa za m'zimbudzi, komanso ndere zimene zimachuluka feteleza akakokolokera m'madzi. Ndere zimatulutsa mpweya masana n'kumaumwa usiku, choncho woyeza masana okhaokha akhoza kulemba kuti zonse zili bwino, pamene nsomba zimafa mbandakucha. Timayezanso matope, mchere, nayitirojeni, fosifolasi ndi majeremusi a m'chimbudzi.

Koma botolo la madzi limangonena za mphindi imene linatungidwa. N'chifukwa chake timatembenuzanso miyala n'kuona tizilombo tokhala pansi pake. Tina sitipirira uve ngakhale pang'ono, tina ngati nyongolotsi ndi misundu timakhala ngakhale m'madzi onunkha. Tizilombo tosapirira tikasowa, timadziwa kuti chinachake chinadutsa, kaya unali usiku kaya sabata yatha. Ntchito iyi siilira labotale. Ku South Africa kuli njira yotchedwa miniSASS imene ana asukulu ndi magulu odzipereka amagwiritsa ntchito, ndipo maso awo amafika m'timakwawa timene ogwira ntchito m'boma sangapondeko chaka chonse.

Uve wotuluka m'paipi ya fakitale kapena ya malo oyeretsera madzi oipa ndi wosavuta kuugwira. Paipi ili ndi mwini wake. Boma limamupatsa chilolezo chonena malire, limabwera kudzayeza, akaphwanya limamulipiritsa chindapusa.

Mutu umawawa ndi uve wopanda paipi: dothi lokokoloka m'minda, feteleza, ndowe za ziweto, mafuta a m'misewu. Aliyense amathirako pang'ono, ndiye ungamange ndani? Apa lamulo lokha limaperewera, ndipo chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha New York. Madzi ambiri a mzindawu amachokera kudera la mapiri a Catskill ndi mtsinje wa Delaware, komwe kuli alimi a ng'ombe zamkaka. Mzinda utafuna kuwaikira malamulo okhwima, alimi anakana. Mapeto ake anagwirizana kuti alimiwo akhale ndi bungwe lawo, Watershed Agricultural Council, lothandiza mlimi aliyense wofuna kukonza famu yake, ndalama zizichokera kumzinda. Anamanga mosungira ndowe, anatchinga mipanda kuti ng'ombe zisalowe m'mitsinje, anasiya mitengo ndi udzu m'magombe. Mu 1997 panasainidwa pangano lalikulu lophatikiza mzinda, boma, matauni akumtunda ndi mabungwe oteteza chilengedwe. Mpaka pano madzi a kuderali amangothiridwa mankhwala ndi kuwalitsidwa ndi kuwala kopha majeremusi, sadutsa m'makina osefera, omwe akanadya madola mabiliyoni. Womwa madzi analipira wowasamala, ndipo mlimi sanaonedwe ngati wopalamula.

Madzi oyera pawokha sakwanira. Nsomba imafuna miyala yoikirapo mazira, mthunzi woziziritsa madzi, mizu ndi zipika zobisalamo, komanso njira. Pano ndimatsutsana ndi anthu okonda "kuyeretsa" mtsinje pochotsa bango ndi mitengo yogweramo: akamatero akugwetsa nyumba za zamoyo. Kuwongola mtsinje n'kuutsekera m'makoma nakonso kumabweza. Madzi saiwala khwawa, amakasefukira kwa anzako akumunsi. Madambo akasiyidwa amamwa madzi osefukirawo n'kusefa matope.

Za njira, pa Rhine anamanga podutsira nsomba pa damu la Iffezheim mu 2000, ndipo mu 2018 a ku Netherlands anakhazikitsa dongosolo lomatsegulako pang'ono zitseko za damu la Haringvliet, pomwe ena mwa madzi a Rhine amathira m'nyanja, kuti nsomba zochokera m'nyanja zilowe. Salmon yoswedwa m'kamtsinje ka ku Germany imayenera kuyenda njira ya Rhine kawiri, popita kunyanja ndi pobwerera kudzaswana.