Sheleni yakale ikada, musathamangire phulusa

Munthu akapeza tiki kapena sheleni pansi pa sutikesi ya agogo, amayamba watenga phulusa ndi kansanza kuti aikweche asanapite nayo kwa ogula. Ena amathira ndimu, ena Brasso. Ikamafika patebulo langa imakhala ikung'anima ndithu, koma mtengo wake utagwa kale. Zimandipweteka, chifukwa chimene mwiniwake wachotsacho ndi chimene osunga ndalama zakale amafuna.

Siliva sachita dzimbiri ngati chitsulo. Chimene chimamusintha ndi sulufule, amene amapezeka pang'onopang'ono mumpweya, mu utsi, m'mapepala, m'makatoni, m'nsalu zaubweya ndi mu labala. Sulufuleyu akakumana ndi siliva amapanga kakhungu kopyapyala kwambiri pamwamba pa ndalamayo, ndipo kamakhuthala m'kupita kwa zaka. Kuwala kukafika pamenepo, kwina kumabwerera pamwamba pa kakhunguko, kwina kumalowa n'kukabwerera pasiliva weniweniyo. Kuwala kuwiriku kukasakanikirana, diso limaona mitundu, monga zimachitikira mafuta agalimoto akadonthera pachithaphwi. Kakhunguko kakadali kopyapyala mumaona chikasu chonga golide, kenako kufiirira, kenako buluu. Kakakhuthala zedi, ndalama imada bii.

Nchifukwa chake mtundu wachilengedwe umafotokoza kumene ndalamayo inagona. Yosungidwa m'buku lakatoni imayamba kusintha m'mbali, mtundu n'kumalowera pakati mwakachetechete. Yokulungidwa m'pepala pamodzi ndi zinzake, ya kumapeto ndi imene imasintha nkhope imodzi yokha. Ku America, madola a Morgan, amene anayamba kusulidwa mu 1878, anakhala zaka zambiri m'matumba ansalu m'nkhokwe za boma. Amene anatsamira nsalu anatuluka ndi utawaleza, ena mpaka ulusi wa thumba ukuoneka pamwamba pake, ndipo lero okongola mwa amenewa amagulidwa mtengo woposa anzawo oyera.

Musanaganize zambiri, yang'anani chaka, chifukwa si sheleni iliyonse ili ndi siliva. Ndalama zasiliva za ku Britain zimene zinkayenda kuno nthawi ya Nyasaland zinali ndi siliva magawo 925 pa 1,000 mpaka 1919. Kuyambira 1920 siliva anatsala theka, ndipo mu 1947 anamuchotseratu, n'kuyamba kusakaniza kopa ndi chitsulo china chotchedwa nickel. Masheleni a Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), amene anayamba mu 1932, nawonso anasiya siliva mu 1947. Matiki a ku South Africa, amene madoda ankabwera nawo kuchokera ku Joni, anakhalabe ndi siliva mpaka 1960. Za theka siliva sizikongola kwenikweni zikamasintha, zimakonda kumbuwa chifukwa cha zitsulo zina zimene anasakanizamo.

Tsono kukwecha kumaononga chiyani? Kakhungu kaja si litsiro lokhala pamwamba ayi, ndi siliva wa ndalamayo amene wasandulika. Kukachotsa ndi kupala ndalama yeniyeniyo. Ndalama ikamadindidwa, chitsulo chimayenderera n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso, timene timachititsa kuti kuwala kuzizungulira mukamaipendeketsa pafupi ndi nyale. Phulusa limafafaniza timizereti n'kusiya zokanda zake zolunjika mbali imodzi. Woidziwa ntchito amaziona nthawi yomweyo ndi kagalasi kokulitsa, ndipo makampani oyeza ndalama monga PCGS ndi NGC amalemba poyera kuti inatsukidwa. Palibe mmisiri amene angabwezeretse nkhope imeneyo.

Alipo ena amene amapanga mitundu mwadala, ndi dzira lowiritsa kapena moto, kuti anamize ogula. Mitundu yawo imakuwa kwambiri, imadumpha kuchoka pa buluu kupita pa chikasu popanda dongosolo, ndipo imaoneka ngati yongopakidwa.

Sindikunena kuti kusintha kulikonse n'kwabwino. Kuda kokhuthala kumatha kudya nkhope ya ndalama. Ndipo mukaona zobiriwira zomata, kawirikawiri zimachokera ku timapulasitiki tofewa ta PVC, ndipo zimenezo zimaononga ndithu. Ichotseni m'pulasitikimo lero lomwe, koma kutsukako musiyire wodziwa, amene amasungunula zomatazo ndi mankhwala otchedwa acetone osakhula.

Zotsalazo zigwireni m'mbali, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo chosachoka. Ikani iliyonse payokha m'kapulasitiki kolimba kosungira ndalama, pamalo ouma, kutali ndi utsi wa kukhitchini, ndipo musazimange ndi labala.