Dripu ndi mankhwala, si madzi wamba: uthenga kwa anamwino anzanga a m'wodi

Usiku wina ndili pa shifiti ndinapachika thumba la normal saline (madzi amchere a dripu) la 1000 ml kwa agogo ena aakazi omwe anabwera atatsegula m'mimba, oda inali yoti liyende maola 8. Madontho ndinawerenga bwinobwino, ndikuona wotchi, kenako ndinapita kwa odwala ena. Pobwerako maola awiri asanakwane ndinapeza thumba lili phwa, agogo aja atakhala tsonga pabedi akupuma mwa wefuwefu, kukhosomola, mitsempha ya m'khosi itatupa. Palibe amene anagwira kawilo koyendetsera madontho ayi. Kanyula, kachubu kapulasitiki kolowa mumtsempha kaja, ndinaiika popindikira mkono, ndiye nthawi yomwe ndinkakonza madontho mkono unali wopinda, atagona tulo n'kuuwongola madzi anangoyamba kuthamanga ngati pampopi. Tinaimitsa dripu, tinawakhazika tsonga, okosijeni, adokotala analemba furosemide, mankhwala okodzetsa, ndipo agogowo anapulumuka, koma kuchokera tsiku limenelo thumba la madzi ndimaliona ngati mmene ndimaonera jakisoni wina aliyense woopsa. Lili ndi dozi yake, liwiro lake komanso anthu amene lingawaphe.

Madziwa amapita kuti akalowa mumtsempha

Munthu wamkulu pafupifupi 60 pa 100 ya kulemera kwake ndi madzi, ndiye wa 70 kg ali ndi malita pafupifupi 42. Magawo awiri mwa atatu a madzi amenewa ali m'kati mwa maselo, gawo limodzi lotsalalo lili kunja, ndipo pa lotsalalo ndi ochepa chabe, malita atatu kapena kuposerapo pang'ono, omwe ali m'mitsempha ya magazi. Khanda lili ndi madzi ambiri kuposa wamkulu tikatengera kulemera, nchifukwa chake likatsegula m'mimba limafota msanga. Okalamba ali ndi ochepa, kuonjezera apo mtima ndi impso zatopa, ndiye amauma msanga komanso amasefukira msanga.

Chimene chimalamula kumene madzi apite ndi mchere, makamaka sodium. Normal saline ndi 0.9%, kutanthauza magalamu 9 a mchere pa lita imodzi, sodium 154 mmol ndi chloride 154 mmol. Amakhala kunja kwa maselo, nchifukwa chake amathandiza BP ikatsika, koma mukamupatsa munthu matumba ambirimbiri chloride uja amachuluka n'kupangitsa magazi kukhala ndi asidi wambiri. Ringer's lactate amafanana kwambiri ndi madzi a m'magazi athu, sodium pafupifupi 130, kapotaziyamu pang'ono, calcium ndi lactate. Dzinalo likuchokera kwa Sydney Ringer wa ku London yemwe m'zaka za m'ma 1880 ankaphunzira mitima ya achule, lactate anadzaonjezera ndi Alexis Hartmann, dokotala wa ana wa ku America, m'ma 1930, ndiye mukamva ena akuti Hartmann's musadabwe, ndi pachibale.

Dextrose 5% ndiye amapusitsa anthu ambiri. Muli shuga magalamu 50 pa lita, thupi likangomugwiritsa ntchito shugayo chotsala ndi madzi okhaokha opanda mchere, amene amafalikira thupi lonse mpaka m'maselo momwe, mumtsempha mumatsala tochepa kwambiri. Ndiye munthu wa shoko, wotaya magazi, BP ili pansi, kumupachikira dextrose 5% chifukwa choti ndi lomwe linali pafupi ndi kutaya nthawi basi. Komanso ukachulukitsa amatsitsa sodium m'magazi, ubongo n'kutupa, makamaka kwa ana ndi ovulala m'mutu. Mwana amene ali pa dripu akayamba kusanza, kudandaula mutu, kusinza modabwitsa kapena kukomoka, ganizani za sodium msanga.

Masamu a madontho

Apa palibe kuyerekeza ndi maso. Tengani ma ml onse, chulukitsani ndi drop factor (madontho amene amapanga ml imodzi) yomwe yalembedwa papaketi ya giving set (seti ya chubu chochokera kuthumba kupita ku kanyula), gawani ndi maminitsi. Seti wamba nthawi zambiri imakhala madontho 20 pa ml, ya ana ya burette ija, yokhala ndi kabotolo koyezera madzi, 60, koma werengani paketi chifukwa zina ndi 15. Tinene 1000 ml maola 8 pa seti ya 20: 1000 kuchulukitsa 20 ndi 20,000, kugawa ndi maminitsi 480, mupeza madontho 42 pa miniti, ndiye pa masekondi 15 muziona madontho 10 kapena 11. Pa seti ya 60 ndi zophweka, ma ml a pa ola ndi omwewo madontho a pa miniti.

Kachinyengo komwe kamandithandiza: matani kapulasitala m'mbali mwa thumba, lembanipo nthawi yoyambira ndi pomwe madzi akuyenera kukhala pakatha maola awiri, anayi, sikisi. Ukangodutsa pabedi ukuona kale ngati likuthamanga kapena latsalira. Ndipo likatsalira musalithamangitse kuti lipezane ndi nthawi, eti kuti a shifiti ya m'mawa asakunene, anthu ambiri osefukira mapapu amasefukira chifukwa cha zimenezi. Werengeraninso liwiro kapena funsani adokotala. Pampu yoyendetsera dripu ikakhalapo ndi bwino koma nayonso imangotsatira nambala yomwe mwaidina, ziro mmodzi woonjezera ndi tsoka.

Kuti mudziwe ngati oda ikumveka, wamkulu amene sakudya kapena kumwa koma sakutaya madzi mwapadera amafuna 25 mpaka 30 ml pa kg patsiku, ndiye wa 60 kg ndi pakati pa 1500 ndi 1800 ml, osati malita anayi. Kwa ana timatsatira njira ya Holliday ndi Segar ya 1957: 100 ml pa kg pa makilo 10 oyamba, 50 pa makilo 10 otsatira, 20 pa otsalawo. Mwana wa 15 kg ndi 1250 ml patsiku. Oda ikaoneka yachilendo funsani, kufunsa sikunyoza adokotala.

Pali nthawi yothamangitsa ndithu. Wotsegula m'mimba kwambiri amene madzi amuthera, monga wa kolera, Plan C ya WHO imati 100 ml pa kg ya Ringer's lactate: khanda losakwana chaka 30 ml pa kg ola loyamba kenako 70 pa maola 5, wopitirira chaka 30 ml pa kg m'maminitsi 30 kenako 70 pa maola awiri ndi theka. Paja dripu inayambira pa kolera yemweyu, mu 1832 Thomas Latta ku Leith ku Scotland anathira madzi amchere m'mitsempha ya odwala omwe anali pafupi kufa. Koma dongosolo la Plan C lija si la mwana wonyentchera kwambiri, mtima wake sungapirire. Ndipo kafukufuku wa FEAST yemwe anatuluka mu 2011, wa ana oposa 3,000 ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, anapeza kuti ana otentha thupi kwambiri amene anapatsidwa madzi ambiri mothamanga anamwalira ochuluka kuposa amene sanapatsidwe motero. Ambiri zinatidabwitsa chifukwa tinaphunzira zosiyana. Wodwala amene akutha kumwa, ORS ndi wabwino kuposa dripu, ngakhale abale ake azikakamira kuti popanda dripu ndiye kuti sanathandizidwe.

Kanyula

Mitundu mumaidziwa: yachikasu 24, yabuluu 22, yapinki 20, yagirini 18, yotuwa 16, yaolenji 14, nambala ikamachepa singano ikukula. Sankhani yaing'ono imene ingagwire ntchitoyo, zazikuluzo ndi za otaya magazi ndi opita ku fiyeta. Yambirani kumunsi kwa mkono kuti mukaphonya mukwere m'mwamba, pewani popindikira ngati wodwala akhala nayo masiku, pewani mkono wopuwala, wotupa kapena wa fistula ya dialysis (mtsempha wokonzedwera makina otsuka magazi). Sambani m'manja, valani magolovesi, pukutani khungu ndi spiriti kapena chlorhexidine ndipo dikirani paume, osapauzira mpweya komanso osapagwiranso ndi chala kufunafuna mtsempha. Singano mukaisolola musaibwezerenso m'kati mwa kanyula, imatha kudula kapulasitiki n'kukasiya mumtsempha. Mukalephera kawiri itanani mnzanu, wodwala si pophunzirira kubaya. Lembani deti papulasitala.

Shifiti iliyonse yang'anani pamalopo, ndikutanthauza kuyang'anadi, osati kungoona bandeji. Pakatupa, pozizira, potuwa, dripu ikukakamira, madzi akupita m'minofu osati mumtsempha. Pakafiira, kutentha, kupweteka, mtsempha kuuma ngati chingwe, imeneyo ndi phlebitis. Zonse ziwiri yankho ndi kuchotsa n'kuika kwina. Wodwala akati pakuwotcha mukhulupirireni ngakhale inu simukuonapo kanthu, makamaka ngati mukudutsa mankhwala owononga minofu monga dextrose 50% kapena calcium. Kanyula yomwe sikugwiranso ntchito ichoke lero lomwe, ndi khomo la majeremusi lolunjika m'magazi.

Zina ndi zoti osayesa n'komwe. Potassium chloride sabayidwa mwachindunji mumtsempha, amaimitsa mtima pompo, amasungunulidwa m'thumba, kulisakaniza bwino, kulemba leburo, n'kuyenda pang'onopang'ono mkodzo ukutuluka. Magazi amayenda ndi normal saline yekha, dextrose amawononga maselo ofiira ndipo calcium wa mu Ringer's akhoza kuwaundanitsa. Ceftriaxone, mankhwala opha majeremusi aja, asakumane mu layini imodzi ndi madzi a calcium monga Ringer's yemweyo, kwa makanda obadwa kumene ndiye zoopsa zedi. Mpweya mu layini utulutseni musanalumikize, ndipo thumba lililonse liunikeni kaye, deti yothera, kudontha, madzi a mbuu.

Chati ija timaidzaza mongoganizira

Tinene zoona anzanga, ma fluid balance chati ambiri, mapepala olembapo madzi olowa ndi otuluka m'thupi, amalembedwa kumapeto kwa shifiti kuchokera m'mutu, pamkodzo pongolembedwa kuti wakodza katatu. Katatu kake ma ml angati? Adokotala akamasankha kuonjezera kapena kuchepetsa madzi amadalira pepala limenelo, ndiye tikalemba zongopeka nawonso alemba oda yongopeka. Zolowa ndi dripu, zakumwa, za pa chubu cha m'mphuno, magazi, ndi timadzi tosungunulira mankhwala timene timaiwala, 100 ml katatu patsiku ndi 300 ml kale, kwa wa vuto la mtima kapena impso si zochepa. Zotuluka ndi mkodzo, masanzi, chimbudzi chamadzi, ma drain (machubu otulutsira madzi pabala). Palinso osaoneka otuluka popuma ndi pakhungu, theka la lita kapena kuposa patsiku kwa wamkulu, ndipo amachuluka thupi likatentha.

Nambala yoti ikhale m'mutu: mkodzo wa wamkulu usachepere 0.5 ml pa kg pa ola, wa 60 kg ndi 30 ml pa ola, mwana pafupifupi 1 ml pa kg pa ola. Ukatsika kwa maola angapo otsatizana onani kaye ngati katheta sanapindike kapena kutsekeka, kenako nenani, musadikire raundi ya mawa. Sikelo nayo ndi mboni yabwino, lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye munthu akakwera makilo awiri m'masiku awiri si kunenepa ayi. Muyezeni nthawi yomweyomweyo m'mawa pasikelo yomweyo.

Wouma mumamuona ndi ludzu, lilime louma, maso olowa, mtima kuthamanga, mkodzo wochepa wodera, chizungulire akaimirira, pa khanda liwombo kulowa. BP imachedwa kutsika makamaka kwa ana ndi achinyamata, mukaidikira mwachedwa. Khungu lotsinidwa lochedwa kubwerera limathandiza kwa ana koma kwa agogo limanamiza chifukwa ndi lofota kale. Wosefukira amayamba ndi kupuma mofulumira, ndiye werengani kapumidwe ndithu osangolemba 20 mwachizolowezi, kenako kukana kugona chagada, kukhosomola, zikope ndi akakolo kutupa, kwa wogonera pabedi kutupako kumakhala kumsana m'chiuno. Mukaona zimenezi chepetsani kapena imitsani dripu koma kanyula isiyeni, mukhazikeni tsonga, yezani okosijeni, itanani adokotala.

Popatsana shifiti musangoti bedi 6 ali pa dripu. Nenani kuti ndi madzi anji, thumba lachingati, layamba nthawi yanji, madontho angati, mwatsala ma ml angati, mkodzo wa maola 12 apitawa ndi wochuluka bwanji, kanyula inaikidwa liti, ndipo mupite limodzi pabedipo mukaone mkonowo nonse awiri, atawongola komanso atapinda.