Galimoto Yodzaza Anthu Si Umboni Woti Ndi Takisi

Ambiri tikaimitsa takisi madzulo timayamba tasuzumira m'kati. Tikaona muli anthu atatu, makamaka pakakhala mayi atafungatira chikwama, mtima umakhala pansi. Pa ntchito yanga yophunzitsa za chitetezo anthu oweruka usiku, chizolowezi chimenechi ndicho chimandidetsa nkhawa, chifukwa achifwamba anachidziwa kalekale.

Ku Abuja ndi ku Lagos, m'dziko la Nigeria, umbavawu amautcha "one chance": galimoto imaima ngati yatsala ndi mpando umodzi, chikhalirecho dalaivala ndi onse ali m'katimo ndi gulu limodzi. Ku Harare apolisi akhala akuchenjeza za mushikashika, timagalimoto ta Honda Fit ndi Toyota Wish tonyamula anthu popanda chilolezo. Ku Bogotá, m'dziko la Colombia, wokwera amazunguliridwa naye m'makina a ATM mpaka ndalama zithe, ndipo mu June 2013 gulu lotere linapha pobaya ndi mpeni wogwira ntchito ku bungwe la America lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo la DEA. Kwathu kuno, kumene Sienta ya banja ndi Sienta ya matola sizisiyana maonekedwe, chinyengochi sichifuna nzeru zambiri.

Ntchito yonse imagwirika pa chitseko. Wina amatsika mwaulemu kuti inu mulowe pakati, iye n'kukhala kumapeto. Kapena amakusiyani kuchitseko, koma atatchera kale child lock, kakiyi kakang'ono kam'mphepete mwa chitseko cha kumbuyo komwe anakaika pofuna kuteteza ana. Kakatcheredwa, chitseko chimatseguka ndi wa kunja yekha. Inu mudzakoka chogwirira mpaka chala kupweteka. Kenako dalaivala amati kutsogolo kuli apolisi apamsewu, tidutse njira yachidule. Apo ndiye zathera.

Masiku ano sakufunanso kwambiri za m'thumba. Akufuna foni ndi nambala yachinsinsi ya Airtel Money, Mpamba kapena ya kubanki, ndipo ena amakuumirizani kuimbira abale kuti atumize zina.

Nambala yofiira, yomwe galimoto zonyamula anthu pa malipiro zimayenera kukhala nayo, imathandiza ndithu, koma musaikhulupirire mopitirira: nambala imamasulidwa ndi sikuludiraiva pa mphindi zochepa. Chomwe mbava singabe ndi kudziwika. Pa siteji madalaivala amadziwana, oitanira amadziwa kuti iyi ndi ya uje, ndipo galimoto yachilendo imafunsidwa mafunso. N'chifukwa chake ndimati bola kudikira pa siteji mpaka miyendo kuwawa kusiyana ndi kukwera yokuimirani yokha pamdima, ngakhale itatchipa bwanji. Kutchipa kwenikweniko kukudabwitseni.

Musanalowe, werengani nambala ya galimotoyo ndi kuitumiza kwa m'bale, dalaivala akuona. Woona mtima sakwiya nazo. Mukakhala pansi, galimoto isananyamuke, tsegulaninso chitseko muli m'kati ngati kuti sichinatsekeke bwino. Chikakana, nenani mokweza kuti mukutsika, pamene anthu akadali pafupi.

Zikakugwerani muli kale m'njira, musalimbane ndi munthu wa mpeni m'malo opanikizika chotero. Perekani zomwe akufuna, koma sungani m'mutu mtundu wa galimoto, zomata pagalasi ndi malo omwe akusiyani. Mukangotsika, bwerekani foni mutseketse nambala ya foni yanu ndi akaunti ya kubanki, ndipo kanenani kupolisi usiku womwewo, chifukwa gulu lotere silikhutira ndi munthu mmodzi.