Chimanga sichibala anankafumbwe

Ku Thyolo kuno ambiri amakhulupirira kuti chimanga chikakhalitsa chimabala chokha anankafumbwe. Amati: "Thumba ndinasoka ndekha muli mbee, lero ladzaza tizilombo." Zoona zake n'zakuti tizilomboto anatisokera momwemo, kungoti tinali mkati mwa njere.

Nankafumbwe amauluka, ndipo amayamba kugwira chimanga chidakali kumunda, makamaka chomwe makoko ake sanatseke bwino kunsonga. Wamkazi amaboola njere ndi kamlomo kake kosongoka kaja, kuikiramo dzira, n'kumata bowolo ndi timadzi tonanda. Ndi maso simungazindikire. Dziralo likaswa, kamphutsi koyera kopanda miyendo kamadya njereyo kuchokera mkati mpaka kusanduka nankafumbwe, pakatha masabata ngati 5 kukamatentha. Choncho kabowo kamene mumakaona panjere ndi potulukira. Chakudya chinadyedwa kale. Wamkazi mmodzi amaikira mazira oposa 100, ndipo tirigu, mpunga ndi mapira sazisiya.

N'chifukwa chake kuyanika padzuwa chimanga chofumbwa kumapusitsa. Anankafumbwe akuluakulu amathawa pamkeka, inu n'kumati zatheka, pomwe mazira ndi mphutsi zili phee mkati. Chiperoni chathuchi chimawonjezera vuto, poti chimanga chosauma bwino ndiye chomwe amaswana nacho msanga.

Kololani msanga chikakhwima, chiume gwa, sesani mosungira, ndipo chatsopano musachiphatikize ndi chotsala cha chaka chatha. Matumba osalowa mpweya ngati a PICS amapha ndi zamkati zomwe, bola asabooke.